Ndinangopita Kukapereka Magazi, Andipeza ndi Hepatitis B: Mafunso ndi Mayankho

Alamu anga anafika kwathu Lachinayi madzulo, nsima ili kale patebulo. Anasamba m'manja koma sanateme mbamu. Anapisa dzanja m'thumba la malaya n'kutulutsa kapepala kopindidwa kanayi, kofewa ndi thukuta chifukwa chokagwiragwira tsiku lonse.

"Alamu, tawerengani apa. Akuti magazi anga sangamuike munthu."

Iwowa ndi mphunzitsi wa kusekondale, bambo wa ana awiri, munthu wopalasa njinga popita ndi pobwera kuntchito, ndipo chibadwire sanagonekedwepo m'chipatala. Otolera magazi atafika pasukulu pawo, ndiwo anayamba kupinda malaya kuti ana asukulu alimbe mtima. Patapita masabata angapo anaitanidwa pambali. Pakapepalapo panalembedwa kuti HBsAg positive, kutanthauza kuti m'magazi mwawo muli kachilombo ka hepatitis B, matenda a chiwindi.

Mafunso otsatirawa anafunsidwa patebulo pathu usiku umenewo ndi m'miyezi yotsatira, ena ndi alamuwo, ena ndi achemwali anga, omwe ndi akazi awo.

Munthu wosamva kupweteka paliponse angakhale bwanji ndi matenda aakulu?

Chiwindi sichidandaula msanga. Chili kudzanja lamanja, kunsi kwa nthiti, ndipo mwa munthu wamkulu chimalemera pafupifupi kilogalamu imodzi ndi theka. Chimasefa magazi, chimapanga ndulu, chimasunga shuga woti thupi lidzagwiritse ntchito pambuyo pake, komanso chimapanga zinthu zothandiza magazi kuundana munthu akadzicheka. Mbali yaikulu ikhoza kuwonongeka, yotsalayo n'kumasenzabe ntchito yonse ngati palibe chachitika. Motero kachilombo ka hepatitis B kamatha kukhala m'thupi zaka 20 kapena 30 mwini wake akulima, akuphunzitsa, akubereka ana.

N'chifukwa chake ambiri amadziwa mosayembekezera: popereka magazi, kusikelo ya amayi oyembekezera, kapena poyezetsa thupi asanayambe ntchito ina kapena ulendo wakunja. Bungwe la Malawi Blood Transfusion Service limayeza magazi onse amene latolera ngati muli HIV, hepatitis B, hepatitis C kapena chindoko asanafike kwa wodwala, ndipo ndi pamenepa pamene achinyamata ambiri athanzi amamvera dzina la matendawa koyamba. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linawerengera kuti mu 2022 anthu 254 miliyoni anali ndi hepatitis B yokhalitsa, pafupifupi 65 miliyoni mwa iwo kuno ku Africa. Amene ankadziwa kuti ali nayo anali 13 okha pa anthu 100 alionse. Wogwira kapepala m'manja ali m'gulu laling'onolo, la anthu amene angathe kuchitapo kanthu chiwindi chisanaume.

Kodi mwina analakwitsa poyeza?

Kufunsa chonchi si kupusa, ndipo kuyezetsanso kuchipatala n'koyenera. Koma musayembekezere kwambiri kuti zisintha, chifukwa kuyeza kumeneku sikulakwika kawirikawiri.

HBsAg ndi kachidutswa ka chikhungwa cha kachilomboko kamene kamayandama m'magazi. Anakatulukira ndi dokotala wa ku America, Baruch Blumberg, m'zaka za m'ma 1960, ndipo analandira mphoto ya Nobel mu 1976. Tsiku lake lobadwa, 28 July, ndilo tsiku lokumbukira matenda a chiwindi padziko lonse. Kachidutswako kakapezeka, ndiye kuti kachilombo kalimo pakali pano. Chimene kapepala kamodzi sikanena ndi chakuti kalowa liti. Munthu wamkulu amene wangotenga kumene, nthawi zambiri thupi lake limakagonjetsa lokha m'miyezi yochepa. Ndiye adokotala amayezanso pakatha miyezi 6. Kakapezekabe, amati matendawa ndi okhalitsa.

Miyezi 6 ndi yaitali kwa munthu amene sakugona tulo, koma sikuti azingokhala manja ali m'khosi. Kuyeza mmene chiwindi chilili, komanso kuyezetsa a m'banja, kumayamba nthawi yomweyo.

Ndinakatenga kuti? Kodi ndiye kuti wina wayenda njira yosayenera?

Funso ili ndi limene limapasula mabanja, ndipo ndikufuna ndichedwepo. Achemwali anga sanakalipe. Anangosamutsa bulangete lawo kupita kuchipinda cha ana, ndipo kwa sabata yathunthu m'nyumbamo munkamveka mbale zokha. Atafika kwathu anandifunsa chapansipansi kuti, "Achimwene, mundiuze zoona. Matenda amenewa si a kumalo omwera mowa?"

N'zoona kuti hepatitis B imafala pogonana, ndipo palibe chifukwa chobisira. Imafalanso kudzera m'magazi: lezala lometerana, jakisoni wogwiritsidwa ntchito kawiri, lumo limodzi lotemera mphini anthu angapo, mswachi wobwerekana. Kachilomboka n'kolimba moti kamakhala ndi moyo kunja kwa thupi kwa masiku 7 kapena kuposerapo, ngakhale m'dontho la magazi louma.

Koma taonani masamu ake. Khanda likatenga kachilomboka pobadwa, mwa makanda 10 otere pafupifupi 9 amakhala nako moyo wonse, chifukwa chitetezo chawo chanthete chimakalandira ngati mbali ya thupi. Mwana wosakwana zaka 5 akatenga, mwayi woti kakhazikike umakhala waukulube. Munthu wamkulu akatenga, osakwana 5 pa 100 ndi amene kamawakhazikika. Tanthauzo lake n'lakuti munthu wazaka 35 kapena 40 wa kuno kwathu akapezeka ndi hepatitis B yokhalitsa, nthawi zambiri anaitenga ali wakhanda kwa mayi ake, kapena ali mwana posewera ndi anzake, zilonda za m'miyendo zikukhudzana, kapena pometedwa ndi lezala limodzi ana onse apakhomo. Anakula nako, anakwatira nako, osadziwa.

Anamwino amene anakhala pansi ndi banjali kuchipatala sanafunse za zibwenzi. Anafunsa kuti, "Bambo, mayi anu ali moyo? Obadwa nawo mimba imodzi alipo angati? Alipo kwanu anamwalira atatupa mimba?" Alamu anakhala chete kanthawi, kenako anatchula amalume awo amene anamwalira zaka zapitazo mimba ili ndendende, maso ali chikasu, mudzi wonse n'kumati anadyetsedwa. Akulu awo a alamuwo atapita kukayezetsa, nawonso anapezeka nako. Bulangete linabwerera kuchipinda chake usiku womwewo.

Ine ndimaona kuti wazaumoyo aliyense wopereka zotsatira zimenezi ayenera kufotokoza masamu amenewa munthuyo asanatuluke pakhomo. Kapepala kopanda mawu amenewa kamakafika kunyumba ngati mlandu.

Kodi ndi chimodzimodzi ndi HIV?

Ayi. Mawu akuti "kachilombo" ndi amene amasokoneza, chifukwa kwathu kuno akangotchulidwa maganizo amathamangira kumodzi. Izi ndi tizilombo tiwiri tosiyana: HIV imafooketsa chitetezo cha m'thupi, hepatitis B imakhala m'chiwindi. Njira zofalira zimafanana, munthu akhoza kukhala nazo zonse ziwiri, ndipo aliyense wopezeka ndi hepatitis B ayenera kuyezetsa HIV. Hepatitis B imapatsirana mosavuta kuposa HIV, koma ili ndi katemera wamphamvu amene wakhalapo kuyambira 1982. Ndi yosiyananso ndi hepatitis C, imene masiku ano imachizika ndi mapiritsi a masabata 12.

Kodi ndifa nayo?

Ambiri safa nayo. Koma sindinganene kuti ndi matenda ochepa, chifukwa WHO inawerengera kuti anapha anthu pafupifupi 1.1 miliyoni mu 2022. Mwa amene anatenga ali ana, pafupifupi mmodzi pa anayi amadzamwalira ndi kuuma kwa chiwindi kapena khansa ya chiwindi ngati sakuyang'aniridwa ndi kulandira mankhwala pa nthawi yake.

Zimachitika chonchi. Chitetezo cha m'thupi chikamalimbana ndi kachilomboka, nkhondoyo imachitikira m'chiwindi momwemo, ndipo imasiya zipsera. Zipserazo zikachuluka, chiwindi chimauma n'kukhala ndi mabunthu, magazi amavutika kudutsamo, madzi amadzaza m'mimba, mitsempha ya kummero imatupa mpaka kuphulika. Izi zimatenga zaka zambiri, ndipo sizichitika kwa aliyense. Ena kachilomboka kamangogona m'thupi mwawo mpaka ukalamba. Vuto ndi lakuti ndi maso simungadziwe kuti muli mbali iti. Amene amadziwa ndi magazi, ndipo amayenera kufunsidwa mobwerezabwereza.

Tsono ndikapita kuchipatala ndikapemphe kuyeza chiyani?

Choyamba ndi ALT ndi AST. Izi ndi zinthu zokhala m'kati mwa chiwindi zimene zimatayikira m'magazi chikamavulala, ndiye zikakwera ndi chizindikiro chakuti nkhondo ili m'kati. Chachiwiri ndi kuwerenga magazi onse, makamaka tizigawo tothandiza magazi kuundana totchedwa ma platelet, timene timachepa chiwindi chikayamba kuuma. Adokotala akatenga AST ndi ma platelet amawerengera nambala yotchedwa APRI, imene imapereka chithunzi cha kuchuluka kwa zipsera popanda kuboola thupi. Chachitatu ndi sikani ya m'mimba, yoona kukula ndi maonekedwe a chiwindi ndi kapamba, komanso ngati muli chotupa. Kenako HIV, hepatitis C, ndi impso.

Palinso kuyeza kuchuluka kwa kachilomboko m'magazi, kotchedwa HBV DNA. N'kothandiza kwambiri, koma sikupezeka paliponse ndipo m'zipatala zolipira n'kokwera mtengo. Musataye mtima mukakulephera. Malangizo amene WHO inatulutsa mu March 2024 analembedwa poganizira mayiko ngati athu, ndipo amalola dokotala kuyambitsa mankhwala poona APRI ndi ALT ngakhale kuyeza kodulako kulibe. Chipatala chaching'ono chikalephera kuyeza zina, pemphani kalata yopitira kuchipatala cha boma, kapena ku zipatala zazikulu za Queen Elizabeth ku Blantyre, Kamuzu Central ku Lilongwe, Zomba Central ndi Mzuzu Central.

Onetsetsani kuti nambala iliyonse yalembedwa m'kabuku kanu ka kuchipatala pamodzi ndi tsiku lake. Nambala ya ALT ya tsiku limodzi imanena zochepa. Manambala atatu otsatizana a miyezi yosiyana ndi amene amaonetsa kumene chiwindi chikulowera. Amene munakulira m'mbali mwa nyanja, ku chigwa cha Shire kapena m'madera a mpunga, auzeni adokotala zimenezo, chifukwa likodzo la m'matumbo nalonso limasiya zipsera m'chiwindi, ndipo mankhwala ake, praziquantel, ndi osavuta.

Mankhwala alipo? Nanga bwanji ena sapatsidwa?

Alipo, ndipo ndi amphamvu. Odziwika kwambiri ndi tenofovir, piritsi limodzi patsiku, ndipo ena ndi entecavir. Amaletsa kachilomboka kuswana, chiwindi chimapuma, zipsera zimaleka kuwonjezeka ndipo mwa ena zimachepa, chiopsezo cha khansa n'kutsika. Chimene sachita ndi kukachotseratu, chifukwa kamabisa mbewu yake m'kati mwenimweni mwa maselo a chiwindi, kumene mankhwalawa safika. Choncho ambiri akayamba amamwa moyo wonse.

Apa pali ngozi imene ndikufuna aliyense aimve. Munthu akasiya tenofovir mwadzidzidzi, kachilomboka kamadzuka mwaukali, ndipo kwa amene chiwindi chake chinali chitayamba kale kuuma, zimenezi zikhoza kumupha. Si mankhwala ogula botolo limodzi ndalama zikapezeka, n'kusiya zikatha. Si mankhwalanso oyamba musanayezetse HIV, chifukwa ngati HIV ilimo, tenofovir yekha sangaigwire, ndipo imazolowera mankhwalawo. Amene ali kale pa ma ARV a TLD, omwe ambiri m'Malawi akumwa kuyambira 2019, dziwani kuti m'mapiritsi anuwo muli tenofovir ndi lamivudine, ndipo onse awiri amagwiranso hepatitis B. Adokotala akafuna kukusinthirani ma ARV, akumbutseni za chiwindi chanu.

Amene amapatsidwa mankhwala ndi omwe chiwindi chawo chikuonetsa zipsera, omwe ALT yawo ili yokwera pamodzi ndi kuchuluka kwa kachilombo, omwe ali ndi HIV kapena hepatitis C, ndi omwe kwawo kuli mbiri ya khansa ya chiwindi kapena kuuma kwa chiwindi. Amene zonse zili bwino amangoyang'aniridwa. Ambiri akamva kuti "simukufunika mankhwala pakali pano" amangotola mawu oyambawo, "pakali pano" n'kuwasiya pabenchi ya chipatala. Amabwerera patapita zaka 10 atanyamulidwa.

Nanga akazi anga ndi ana? Tisiyane mbale?

Ayi, musasiyane mbale. Hepatitis B sifala podyera pamodzi, pomwera kapu imodzi, pogwirana chanza, pokumbatirana, potsokomola, kapena polumidwa ndi udzudzu. Chimene aliyense ayenera kukhala nacho chakechake ndi lezala, mswachi ndi chowengera zikhadabo. Mukadzicheka phimbani bala, ndipo magazi akadonthera pansi pukutani ndi madzi othira Jik.

Onse a m'nyumba ayezetse: mkazi kapena mwamuna, ana, komanso makolo ndi abale obadwa nawo. Wamkulu amene alibe kachilomboka ndipo sanabayitsepo katemera abayitse majakisoni atatu: woyamba, wachiwiri pakatha mwezi umodzi, wachitatu pa mwezi wa 6. Kufikira katemerayo atatha, kondomu ndiye chitetezo. Achemwali anga anapezeka alibe, ngakhale atakhala m'banja zaka zoposa 10. Zimachitikachitika, chifukwa munthu wamkulu akhoza kutenga, thupi n'kukagonjetsa iye osadziwa, n'kukhala wotetezedwa.

Kwa ana nkhani ndi yolimbikitsa. Kuyambira 2002, katemera amene makanda a m'Malawi amabayidwa pantchafu kusikelo ali ndi masabata 6, 10 ndi 14 amatetezanso ku hepatitis B. Kafukufuku amene anachitika ku Ndirande mumzinda wa Blantyre anapeza kuti mwa akuluakulu obadwa katemerayu asanayambe, pafupifupi 5 pa 100 anali ndi kachilomboka, pamene mwa ana obadwa katemera atayamba sanakwane mmodzi pa 100. Tsegulani kabuku ka kusikelo ka mwana wanu muone ngati majakisoni atatuwo anakwana.

Mayi woyembekezera amene wapezeka nako auze azamba msanga. Pobereka ndi pamene khanda limakhala pangozi yaikulu, ndipo masabata 6 ndi kutali. WHO imalangiza kuti khanda libayidwe katemera wa hepatitis B pasanathe maola 24 libadwireni, ndiponso kuti mayi amene ali ndi kachilombo kambiri m'magazi amwe tenofovir kuyambira mwezi wachinayi wa mimba mpaka atabereka. Funsani za zonsezi mimba ikadali yaing'ono kuti mudziwe kumene katemerayo mungamupeze. Kuyamwitsa kusalekeke.

Ndisiye kudya chiyani?

Mowa. Pamenepa palibe kunyengerera: kachasu, masese, wa m'mabotolo, wonse. Mowa umawotcha chiwindi chimene chili kale pankhondo, ndipo umafulumizitsa kuuma.

Chachiwiri n'chimene ambiri sachiganizira, chuku. Chimanga ndi mtedza zikakololedwa zisanaume bwino, kapena zikasungidwa m'nkhokwe yodontha kapena m'matumba ogona pansi ponyowa, zimachita chuku chimene chimatulutsa poizoni wotchedwa aflatoxin. Poizoni ameneyu yekha amayambitsa khansa ya chiwindi, ndipo akakumana ndi hepatitis B m'thupi limodzi ngoziyo imachulukirachulukira. Kuphika ndi kukazinga sikumupha. Chimene chimandipweteka mtima n'chakuti kumudzi mtedza wabwino timagulitsa, wofota ndi wakuda uja n'kusinja nsinjiro zothira m'ndiwo za ana athu, chimanga chowola n'kupita ku mowa kapena kuchigayo nthawi ya njala. Sankhani mbewu musanasinje, tayani zowawa ndi zosintha mtundu, umitsani bwino, ndipo matumba muziwasanja pa mitengo osati padothi.

Kupatula izi, idyani chakudya cha masiku onse: nsima, nyemba, usipa, masamba, zipatso. Kunenepa kwambiri ndi matenda a shuga zimaika mafuta m'chiwindi, ndiye njinga ya alamu ija ndi yothandiza. Panado musapyole muyezo wolembedwa, ndipo paliponse pamene akukulemberani mankhwala, makamaka a TB, nenani kuti muli ndi hepatitis B.

Anthu akundiuza za mankhwala azitsamba otsuka chiwindi. Ndiyese?

Nkhani ikangomveka, alangizi amachuluka. Wina abwera ndi botolo la madzi akuda, wina nambala ya pa WhatsApp ya wogulitsa tiyi wochokera kunja, wina akuti mwadyetsedwa ndipo mufunika kusanzitsidwa. Amachita izi chifukwa chokukondani, ndipo n'kovuta kuwakanira. Koma palibe chitsamba chimene chatsimikizidwa kuti chimachotsa hepatitis B, pamene chilichonse chomwe mwameza chimakadutsa m'chiwindi chomwecho, ndipo zitsamba zina zimachivulaza koopsa. Wogulitsa akakuonetsani munthu amene "anachira", kumbukirani kuti wamkulu wongotenga kumene amachira yekha ngakhale osamwa kanthu. Kupemphera kulibe mlandu, ndipo kunawalimbitsa mtima alamu anga. Pempherani kabuku ka kuchipatala kali m'thumba, tsiku lobwerera likusungidwa.

Ndi zizindikiro ziti zosafunika kudikira tsiku limene anandilembera?

Maso kapena zikhatho kuchita chikasu, mkodzo wodera ngati tiyi wopanda mkaka, mimba kapena mapazi kutupa, kusanza magazi, chimbudzi chakuda ngati phula, kuwonda kosadziwika bwino, ululu wosatha kunsi kwa nthiti za kumanja, komanso kusokonezeka mutu kapena kugona kwambiri masana. Kusanza magazi ndi kusokonezeka mutu ndi za ola lomwelo, ngakhale pakati pa usiku.

Ndiuze ndani, ndipo ndizibwerera kuchipatala mpaka liti?

Amene mumagona naye ayenera kudziwa, chimodzimodzi abale amene akufunika kuyezetsa, ndiponso achipatala okuthandizani, kuphatikizapo ochotsa mano. Ena onse zili kwa inu. Mphunzitsi, wogulitsa mandasi kapena woyendetsa minibasi amene ali ndi hepatitis B saika aliyense pangozi pogwira ntchito yake, ndipo kumusala n'kumulakwira chabe. Magazi okha ndi amene sangaperekenso. Ngati mukuopa mmene mawu akatulukire kunyumba, tengani akunyumba kwanuwo mukamvere limodzi kwa anamwino. Masiku oyamba tulo timasowa, chakudya sichikoma, ndipo munthu amangodzigwiragwira kunthiti kufufuza ululu umene kulibe. Zimenezi zimachepa manambala a chiwindi akayamba kudziwika, chifukwa mantha ambiri amakhala a chinthu chosaoneka kukula kwake.

Kubwerera ndi kwa moyo wonse: kosachepera kamodzi pachaka kwa amene zonse zili bwino, ndi miyezi 6 iliyonse, pamodzi ndi sikani, kwa amene chiwindi chinayamba kuuma kapena amene kwawo kunachitikapo khansa ya chiwindi. Chotupa chikapezeka chikadali chaching'ono pamakhala zochita, koma chikafika pomveka ndi dzanja njira zimakhala zitachepa.

Alamu anga atayezedwanso pa miyezi 6, kachilomboko kanalimobe. ALT inali yabwino ndipo sikani sinaonetse vuto, koma chifukwa cha nkhani ya amalume aja adokotala anakambirana nawo n'kugwirizana zoyamba tenofovir. Akulu awo, amene ALT yawo inapezeka yokwera, anayamba mwezi womwewo. Nditapita kukawaona Loweruka lina, ndinapeza botolo la mapiritsi lili pawindo pafupi ndi wailesi, pamene amamvera nkhani za 7 koloko madzulo, ndipo tsiku la sikani yotsatira linali litazunguliridwa ndi cholembera chofiira pakalendala ya sukulu. Achemwali anali pakhonde, lichero lili pamiyendo, akusankha mtedza umodziumodzi, wofota akuuponya m'chitini chapambali.